SOICHIRO HONDA, MWANA WA MMISIRI WA CHIPALA, NDI GALIMOTO YACHE YOYAMBA YA LIWIRO

Munthu woyenda pa msewu waukulu wochokera ku Blantyre kunka ku Lilongwe, akaima pa boma la Ntcheu kapena pa msika wa Lizulu, sangathe tsiku osaona dzina la Honda, kaya pa galimoto, kaya pa njinga yamoto, kaya pa makina opopera madzi m'madimba. Ambiri amayesa kuti ndi chizindikiro chabe cha malonda, koma ndi dzina la munthu amene adabadwa m'nyumba ya mmisiri wosula zitsulo, nafa atatchuka pa dziko lonse. Mbiri ino ilongosola za moyo wache, makamaka za zaka za 1961 mpaka 1964, pamene Boma la kwao lidafuna kumtsekera khomo lopangira magalimoto, ndipo iye adathamanga kuti alowe khomolo lisanatsekedwe.

UBWANA WACHE

Soichiro Honda adabadwa pa 17 Novembala 1906 m'mudzi wa Komyo, m'chigawo cha Shizuoka, kufupi ndi mzinda wa Hamamatsu ku Japan. Bambo wache, Gihei, adali wosula zitsulo, ndipo pambuyo pache adayambanso kukonza njinga zakapalasa; mai wache, Mika, adali woomba nsalu. Mwanayo adakulira pakati pa mvukuto ndi nyundo, kotero kuti manja ache adazolowera chitsulo asanazolowere cholembera. Sukulu sadaikonde. Chimene chidamlowa mumtima ndicho galimoto yoyamba imene idadutsa m'mudzi mwao: adaithamangira m'fumbi mpaka mpweya udamthera, nagwada kununkhiza madontho a mafuta amene idasiya pa msewu. Fungo limenelo sadaliiwale moyo wache wonse.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. M'chaka cha 1922, ali ndi zaka 15, Soichiro adachoka kwao nanka ku Tokyo kukaphunzira ntchito pa galaja yotchedwa Art Shokai, mwini wache Yuzo Sakakibara. Miyezi yoyamba sadamlole kukhudza injini. Ntchito yache idali kusesa ndi kubereka khanda la mwini galaja. Koma pa 1 Sepitembala 1923 chivomezi chachikulu chidagwetsa Tokyo, amisiri ambiri nabwerera kumidzi kwao, ndipo mnyamata wobereka mwana uja ndiye adatsala kugwira zitsulo. Chaka chotsatira adathandiza kumanga galimoto ya mpikisano yokhala ndi injini ya ndege, nakweramo monga makanika tsiku limene idapambana. Mu 1928 Sakakibara adamlola kukatsegula nthambi ya galajayo ku Hamamatsu, ali ndi zaka 21.

MPHETE ZITATU MWA 50

Ntchito yokonza magalimoto idamlemeretsa, koma mtima wache udali pa kupanga, osati kukonza zopanga ena. Mu 1936 adagubuduka ndi galimoto pa mpikisano ku Tamagawa, navulala kwambiri kumaso ndi paphewa, ndipo pasanapite nthawi adasiya zoyendetsa pa mipikisano. Tsono adayamba kampani yotchedwa Tokai Seiki, yopanga mphete za pisitoni, ndizo timphete tachitsulo timene timatseka mpata m'kati mwa injini kuti mphamvu ya moto isathawe. Adayesa kuti ndi ntchito yapafupi, pakuti kanthuko nkakang'ono. Koma atatumiza mphete 50 ku kampani ya Toyota kuti akaziyese, zitatu zokha ndizo zidalandiridwa.

Apa mwana wa wosula adazindikira kuti manja okha sakwanira. Munthu wamkulu, wabanja, wokhala ndi antchito ache, adakakhala pansi pamodzi ndi anyamata pa sukulu ya zaumisiri ya ku Hamamatsu, kuti aphunzire za kusakaniza kwa zitsulo. Mayeso sadasamale nao, ndipo setifiketi sadailandire. Chimene adafuna chidali kudziwa chifukwa chache mphete zache zinkathyoka. Atachidziwa, adayamba kugulitsa mphete zabwino kwa Toyota yemweyo.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idafafaniza zonsezi. Mu 1944 mabomba adaononga fakitale yache imodzi, ndipo mu Januwale 1945 chivomezi chidagwetsa ina. Nkhondo itatha adagulitsa zotsala kwa Toyota pa mtengo wa mayeni 450,000, nakhala chaka chathunthu osagwira ntchito yodziwika.

NJINGA YOKHALA NDI INJINI

Mu Okutobala 1946 adayambanso m'kanyumba ka matabwa ku Hamamatsu. Dziko lidali pa umphawi, sitima zapamtunda zidali zodzaza, petulo adali wosowa. Honda adagula tiinjini pafupifupi 500 timene asilikali ankapangira magetsi a mawayilesi ao, natimangirira pa njinga zakapalasa. Titatha, adayamba kupanga injini zache. Pa 24 Sepitembala 1948 padabadwa kampani ya Honda Motor, ndipo mu 1949 idatulutsa njinga yamoto yeniyeni yotchedwa Dream.

Chaka chomwecho adakomana ndi Takeo Fujisawa, munthu wodziwa ndalama ndi malonda. Akuluakulu adanena kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo awiriwa adagawana dengalo bwino lomwe: Honda adatenga fakitale, Fujisawa natenga mabuku ndi misika, ndipo wina sadalowerere za mnzache kwa zaka 24. Mu 1958 adatulutsa kanjinga kamoto kotchedwa Super Cub, kosavuta kuyendetsa ngakhale kwa munthu wonyamula katundu. Pofika 2017 tinjinga ta dzina limeneli tidakwana 100 miliyoni. Mu 1959 njinga za Honda zidalowa mpikisano wotchuka wa pa chilumba cha Isle of Man, pakati pa England ndi Ireland, ndipo mu 1961 zidatenga malo asanu oyamba m'magulu awiri a mpikisanowo. Nthawi imeneyo Honda ndiye adali wopanga njinga zamoto wamkulu koposa onse pa dziko.

LAMULO LOTSEKA KHOMO

Chiyambire 1958 kagulu ka amisiri ache kadali kuyesayesa mwakachetechete kupanga galimoto ya magudumu anai, ndipo pambuyo pache wotsogolera ntchitoyo adakhala Yoshio Nakamura, amene adaphunzira za injini za ndege. Panalibe changu. Changu chidadza mu 1961, chochokera ku Unduna wa Zamalonda ndi Mafakitale.

Akuluakulu a Undunawo adali ndi nkhawa yomveka. Japan idali pafupi kutsegula misika yache kuti magalimoto akunja azilowa momasuka, ndipo iwo adaopa kuti makampani aakulu a ku America, onga General Motors ndi Ford, adzameza timakampani tambirimbiri ta m'dzikomo. Chotero adaganiza zogawa opanga magalimoto m'magulu atatu: opanga magalimoto ambiri a anthu wamba, opanga magalimoto apadera onga a liwiro, ndi opanga timagalimoto tating'ono. M'gulu lililonse mudayenera kutsala makampani awiri kapena atatu okha, ndipo wina aliyense amene sadayambe kale kupanga magalimoto adayenera kuletsedwa. Kampani ya Honda idali isanagulitse galimoto ndi imodzi yomwe. Lamulolo likadakhazikika, ikadakhala ya njinga zokha mpaka kalekale.

Honda adapsa mtima, napita yekha kukakangana ndi akuluakulu a Undunawo, pakati pao Shigeru Sahashi. Mfundo zache zidali zakuti kampani yache idali ya eni masheya, osati ya Boma. Kuti njinga zache zidagonjetsa za ku Ulaya popanda mpanda wozitchinjiriza. Ndi kuti chimene chimalimbitsa mmisiri ndi mpikisano, osati chitetezo. Koma adadziwanso kuti mkangano wa pakamwa sungamtsegulire khomo. Njira yokha idali yakuti lamulo likamadzafika, limpeze ali kale wopanga magalimoto. Tsono mu Januwale 1962 adalamula amisiri ache kuti pofika mwezi wa Juni akhale atamaliza magalimoto a mitundu iwiri: kalole kakang'ono konyamula katundu, kamene Fujisawa adakafuna chifukwa cha amalonda ang'onoang'ono, ndi galimoto ya liwiro, imene idali khumbo la Honda mwini.

GALIMOTO YOFIIRA KU SUZUKA

Galimoto ya liwiro ndi galimoto yaing'ono, yotsika, ya mipando iwiri, kawirikawiri ya denga la nsalu lotheka kupinda, yopangidwira kuthamanga ndi kukhota bwino, osati kusenza matumba. Ambiri adadabwa kuti kampani yatsopano iyambire pa galimoto yotere m'dziko la misewu yoipa. Koma Honda adaona kuti pamenepo ndi pomwe makampani aakulu a kwao adali asanalimbepo, ndiponso kuti galimoto yotere imaonetsa msanga ngati mmisiri akudziwa ntchito yache kapena ai.

Amisiri adagwira usana ndi usiku kwa miyezi isanu. Pa 5 Juni 1962 ogulitsa njinga za Honda a m'dziko lonse adasonkhana ku Suzuka, kumene kampaniyo inkamanga bwalo la mipikisano, ndipo bwalolo lidali lisanathe. Pamaso pao padatulukira kagalimoto kofiira kotchedwa S360, Honda ali pa chiwongolero, Nakamura ali pambali pache.

Ngakhale utoto wofiirawo udali ndi mlandu wache. Masiku amenewo Boma la Japan linkaletsa magalimoto a anthu wamba kukhala ofiira kapena oyera, kuti angafanane ndi ozimitsa moto ndi maambulansi. Honda adalemba m'nyuzipepala kutsutsa lamulolo, anthu ache napitapita ku Unduna wa Zamtengatenga mpaka chilolezo chidaperekedwa, ndipo makampani enanso adapindula nacho.

Mu Okutobala 1962, pa chionetsero cha magalimoto ku Tokyo, kampaniyo idaonetsa S360, kalole ka T360, ndi galimoto ina yokulirapo pang'ono yotchedwa S500. S360 sidagulitsidwe konse: injini yache idapangidwa yaing'ono kuti ilowe m'gulu la timagalimoto ta msonkho wochepa, ndipo adaona kuti kunja kwa Japan sikungapezeke woigula. Kalole kadayamba kugulitsidwa mu Ogasiti 1963, ndipo S500 idatsatira mu Okutobala. Isanatuluke, kampani idafunsa anthu m'manyuzipepala kuti alote mtengo wache, wolota bwino alandire galimotoyo. Padafika makalata oposa 5 miliyoni. Mtengo utalengezedwa udali mayeni 459,000, ndipo ambiri adazizwa ndi kuchepa kwache.

M'KATI MWA S500

Amakanika amene adatsegula galimoto imeneyi adapeza njinga yamoto itavala thupi la galimoto. Injini yache idali ya masilinda anai, ndipo onse anai pamodzi adali a 531 cc, ndiko kunena kuposa pang'ono theka la lita. Kuti injini yaing'ono chotere itulutse mphamvu, idayenera kuzungulira msanga koposa: mphamvu yache yonse, imene amisiri amaiyeza kuti ndi ya akavalo 44, inkatuluka pamene ikuzungulira ka 8,000 pa mphindi imodzi, nthawi imene magalimoto ambiri ankalekezera pa 5,000 kapena kucheperapo. Silinda iliyonse idali ndi kabuleta yacheyache, ndipo mtanda waukulu wa m'kati mwa injini unkazungulira pa timipukutu tachitsulo tonga singano, monga m'njinga za mpikisano. Inkazizira ndi madzi, ndipo galimotoyo inkafika makilomita 130 pa ola.

Chodabwitsa koposa chidali kumbuyo. M'magalimoto ambiri a masiku amenewo, magudumu awiri akumbuyo ankalumikizidwa ndi chitsulo chimodzi chopingasa, kotero kuti gudumu limodzi likagwa m'dzenje linzache limagwedezekanso. Mu S500 gudumu lililonse lakumbuyo linkakokedwa ndi unyolo wachewache, umene okwera njinga amautcha tcheni, wotsekeredwa m'bokosi la aluminiyamu losunga mafuta. Bokosilo lidalinso ngati mkono wogwira gudumu, wokwera ndi kutsika paokha. Nzeru imeneyi idasiya malo kumbuyo oika tayala lapadera ndi katundu pang'ono, ndipo woyendetsa akaponda moto, matako a galimoto ankanyamuka pang'ono, chinthu chimene eni ache adachizindikira msanga.

KUPANGA POPANDA FAKITALE

Walira mvula walira matope. Honda adalowa pa khomo limene adalifuna, koma adalowa alibe fakitale ya magalimoto. Ntchito idagawidwa m'mafakitale a njinga a ku Saitama, ku Suzuka ndi ku Hamamatsu, ndipo ziwalo zinkayenda pa malole mitunda yaitali kuti zikakomane. Antchito ozolowera njinga adayenera kuphunzira zatsopano: kuumba zitseko zotseka bwino, kupaka utoto pa malata aakulu, kutseka mipata kuti mvula isalowe. Ogulitsa naonso adali a timasitolo ta njinga, topanda malo oimika galimoto kapena poikonzera. Injini yokhala ndi makabuleta anai inkafuna dzanja la katswiri, ndipo akatswiri otere adali owerengeka.

Chifukwa chache S500 sidakhalitse, ndipo zonse zimene zidapangidwa sizidafike 1,500. Mu Malichi 1964 idalowedwa m'malo ndi S600, ya 606 cc ndi mphamvu ya akavalo 57, yofika makilomita 145 pa ola. Iyi ndiyo idayamba kupangidwanso ndi chiwongolero cha kumanzere chifukwa cha maiko oyenda ku dzanja lamanja, pakuti Japan, monga Malawi, imayenda kumanzere kwa msewu. Mu Sepitembala 1964, miyezi iwiri dziko la Malawi litalandira ufulu wodzilamulira, Denny Hulme wa ku New Zealand adapambana ndi S600 m'gulu lache pa mpikisano wa makilomita 500 ku Nürburgring, ku Germany. Mu 1965 padadza mtundu wa denga lachitsulo, ndipo S600 zonse zidakwana pafupifupi 13,000.

Womaliza pa banjali adali S800, ya 791 cc, imene idayamba kugulitsidwa mu 1966, yofika makilomita 160 pa ola. Atapanga pafupifupi 1,000 zokhala ndi unyolo, amisiri adausiya, nabwerera ku chitsulo chopingasa chimene makampani ena ambiri ankagwiritsa ntchito, pakuti chidali chosavuta kupanga ndi kusamala. S800 idaleka kupangidwa mu 1970, zitakwana pafupifupi 11,500.

Nanga lamulo lija? Lidaperekedwa ku nyumba ya malamulo mu 1963, koma eni mafakitale ndi mabanki sadalikonde, ndipo mu 1964 lidafa lisanavomerezedwe. Khomo limene Honda adalithamangira silidatsekedwe konse. Komabe liwiro lache silidapite pachabe: pofika kumapeto kwa chaka chimenecho kampani idali ndi amisiri odziwa magalimoto, idali itatsegula fakitale yatsopano ku Sayama, ndipo idali italowa mipikisano yaikulu ya Formula One, kumene Richie Ginther adaipambanitsa koyamba ku Mexico mu Okutobala 1965. Ndalama zenizeni zidadza ndi kagalimoto ka banja ka N360 mu 1967, koma manja amene adakapanga adaphunzira pa S500.

UKALAMBA NDI IMFA YACHE

Honda sadali munthu wofatsa. Ankavala zoyera za m'fakitale monga wantchito aliyense, ankadya ndi kuseka ndi anyamata ache, koma akaona ntchito yochitidwa mwaulesi ankakalipa koopsa, nthawi zina mpaka kumenya. Antchito adampatsa dzina la m'chinenero chao lotanthauza bingu. Liuma limene lidampambanitsa pamaso pa Unduna lidatsala pang'ono kuononga kampani. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 adaumirira kuti injini zonse zizizizira ndi mphepo, osati madzi, ndipo galimoto yotchedwa Honda 1300, ya mu 1969, sidayende malonda. Amisiri achinyamata adakadandaula kwa Fujisawa, ndipo iye adafunsa mnzache ngati afuna kukhala mtsogoleri wa kampani kapena mmisiri. Honda adagonja. Galimoto yozizira ndi madzi imene anyamatawo adapanga, Civic ya mu 1972, ndiyo idafikitsa magalimoto a Honda m'maiko ambiri.

Mu Okutobala 1973 Honda ndi Fujisawa adatula pansi udindo tsiku limodzi, nasiya kampani m'manja mwa Kiyoshi Kawashima, mmodzi mwa amisiri oyamba kulembedwa ntchito. Awiriwo adapangana kale kuti ana ao sadzalowa ufumu pa kampaniyo, ndipo adasunga panganolo. Atapuma, Honda adayendera mafakitale ndi magalaja a kampani m'dziko lonse la Japan, kukagwira chanza antchito ndi kuwathokoza. Fujisawa adamwalira mu Disembala 1988. Honda adamwalira ku Tokyo pa 5 Ogasiti 1991 ndi nthenda ya chiwindi, ali ndi zaka 84, nasiya mkazi wache Sachi, amene adamkwatira mu 1935. Adanenereratu kuti pasadzakhale mwambo waukulu wa maliro, pakuti adaona kuti nkosayenera kuti wopanga magalimoto atsekereze misewu pa tsiku la kuikidwa kwache; ndipo kampani idangochita misonkhano yothokoza anthu.

Poyang'ana m'mbuyo, sikoyenera kunena kuti akuluakulu a Unduna adali opusa. Adafuna kutchinjiriza mafakitale a dziko lao, ndipo zimene ankaopa zidachitikadi m'maiko ena. Cholakwa chao chidali kuyesa kuti angadziwiretu, atakhala m'ofesi, amene ali woyenera kupanga ndi amene sali woyenera. Ndipo pa mndandanda wao mwana wa wosula zitsulo, wopanda setifiketi, sadalembedwe. Magalimoto a S500, S600 ndi S800 onse pamodzi sadafike 30,000, chiwerengero chimene kampani ya Honda lero imachipanga m'masiku ochepa. Koma timagalimoto timeneti ndito tidasandutsa wopanga njinga kukhala wopanga magalimoto, ndipo tochepa timene tatsala timasungidwa mosamala ku Japan, ku Ulaya ndi ku Australia, tina tikali ndi unyolo wache kumbuyo.